Zango: Kubwerera kwa Jagari Chanda ndi Gulu la WITCH

Pa 2 Juni 2023 gulu loyimba la ku Zambia lotchedwa WITCH linatulutsa chimbale cha nyimbo khumi chotchedwa Zango. Panali patapita zaka 39 gululi lisanatulutse nyimbo zatsopano, pakuti chimbale chake chomaliza, Kuomboka, chinatuluka mu 1984. Kwa mtsogoleri wake, Emmanuel Chanda, yemwe anthu amamudziwa bwino ndi dzina loti Jagari, nthawiyo inali yaitali kuposa pamenepo. Mawu ake anamveka komaliza pa chimbale cha gululi mu 1977, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, ndipo pobwerera mu situdiyo anali gogo wa zaka pafupifupi 70. Anzake onse amene anayamba nawo gululi anali atagona kumanda.

Chamba chimene Jagari amayimba chimatchedwa Zamrock, ndiko kuti rock ya ku Zambia. Rock ndi nyimbo zodalira gitala ya magetsi, besi, ng'oma za bandi ndi mawu amphamvu a woyimba. Mtundu wake wolemera, wotchedwa hard rock, unakula ku Britain ndi ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi oyimba monga Jimi Hendrix ndi magulu a Deep Purple, Led Zeppelin ndi Black Sabbath. Chizindikiro chake chachikulu ndi kulira kwa gitala. Woyimba amalumikiza gitala ku kabokosi koponda ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamaphwanya dala mawu a nsambo kuti atuluke okhakhala, onenepa ndi okhalitsa. Kabokosi kena, wah-wah, kamachititsa gitala kumveka ngati ikutsegula ndi kutseka pakamwa. Khutu lozolowera gitala yoyera ya Alleluya Band kapena ya rumba ya ku Congo limayamba laganiza kuti sipika yang'ambika, koma phokoso limenelo ndi lofunidwa, ndipo kuliweta kuti likhale nyimbo ndi luso lofuna zaka.

Anyamata a ku Zambia anatenga kulira kumeneku, nawonjezerapo kagundidwe ka funk ka James Brown ndi kayimbidwe ka ng'oma za kwawo. Kuti zimenezi zichitikire ku Zambia osati kwina, panali zifukwa zake. Dzikolo linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964 lili m'gulu la mayiko ogulitsa kopa wambiri padziko lonse, ndipo mizinda ya ku migodi monga Kitwe, Ndola, Chingola ndi Mufulira inali ndi anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi. Makampani a migodi anali ndi maholo ndi makalabu a antchito, kumene mabandi ankafunika mapeto a sabata iliyonse. M'masitolo munkapezeka mbale za galamafoni zochokera ku London, komanso magitala ndi zokuzira mawu. Anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, kuphatikizapo Amalawi ambiri amene anapita kukagwira ntchito ku migodi, ankakhala m'makomboni amodzi. Mwana wokulira m'malo otere ankamva nyimbo za kumudzi kwa makolo ake masana, madzulo n'kumva za The Beatles pa wailesi ya mnansi.

Jagari anakulira ku Kitwe m'nyumba ya mkulu wake amene ankagwira ntchito ku mgodi. Dzina lakelo linachokera kwa Mick Jagger, woyimba wa gulu la The Rolling Stones, chifukwa cha mmene ankadumphira ndi kudzipotokola pa nsanja. Gulu limene analowa linkatchedwa Kingston Market poyamba, kenako linasintha dzina kukhala WITCH. Pachingerezi mawuwa amanena mfiti, dzina loopsa kwa makolo a nthawi imeneyo, ndipo pambuyo pake zilembo zake anazimasulira kuti We Intend To Cause Havoc, kutanthauza anthu ofuna kuyambitsa chipwirikiti. Pa nthawi ya kutchuka kwake gululi linali ndi Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa besi, Boidi Sinkala pa ng'oma ndi Paul Mumba pa kiyibodi.

Chimbale chawo choyamba, Introduction, chimawerengedwa pakati pa zimbale zoyambirira zenizeni zimene bandi ya ku Zambia inajambula ndi kugulitsa. Nthawi imeneyo mbale zinkakadindidwa ku Nairobi, ku Kenya, ndipo oyimba ankagulitsa okha pa zoyimbayimba zawo. Kenako kunabwera In the Past mu 1974, Lazy Bones!! mu 1975, Lukombo Vibes mu 1976 ndi china chotchedwa dzina la gululo mu 1977, momwe munali nyimbo yotchuka ya Janet. Womvera zimbale zisanuzi motsatana amaona kusintha koonekeratu. Zoyambazo ndi za anyamata otsanzira zimene amva kunja, mawu onse m'Chingerezi. Pofika pa Lukombo Vibes ng'oma zayamba kuyenda mwachizambia, ndipo gitala ya fuzz ikutsata kagundidwe kamene anthu a kumeneko amavina. Lazy Bones!! ndicho chimbale chimene ambiri amachiyesa pachimake pa luso lawo, ndipo chinajambulidwa mu situdiyo ya DB mu Lusaka, malo amene adzabwererenso m'nkhani ino.

Boma nalo linathandiza, ngakhale cholinga chake sichinali rock. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, yemwenso ankayimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia. Wailesi inasowa nyimbo zokwanira kudzaza maola ake, ndipo makampani monga Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo anayamba kusaka mabandi oti awajambule. Nyengo imeneyi ndi imene inatchukitsa Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz ya Keith Kabwe, The Peace, Blackfoot, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, yemwe dzina lake lenileni linali Paul Nyirongo. Paul Ngozi ndiye ankayimba kwambiri m'Chinyanja cha mu Lusaka, za moyo wa m'makomboni, ndipo gitala yake inali yolusa kuposa ya wina aliyense pa nthawiyo.

Nyengo yabwinoyi sinakhalitse. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975 pomwe mtengo wa mafuta unali utakwera kale, ndipo ndalama za m'matumba a antchito zinayamba kuthera pa ufa. Zambia inkasunga omenyera ufulu a Zimbabwe ndi South Africa, ndipo mu 1978 ndege za Rhodesia, dzina la Zimbabwe pa nthawiyo, zinaphulitsa misasa pafupi ndi Lusaka. Boma linakhazikitsa lamulo loletsa kuyenda usiku ndi lozimitsa magetsi. Bandi imadya za usiku, choncho lamuloli linatseka pakamwa pa oyimba ambiri, ndipo amene anapitiriza ankayimba masana kwa anthu ochepa. Eni malo achisangalalo anazindikiranso kuti munthu mmodzi wokhala ndi mbale za disco ndi wotsika mtengo kuposa anyamata asanu ndi zida zawo. Pambuyo pake makaseti okopera mwakuba anamaliza zimene zinatsala pa malonda a mbale.

Jagari anapita ku Evelyn Hone College mu Lusaka kukaphunzira uphunzitsi wa nyimbo, ndipo apa ndi pamene anasiyana ndi gululo. Otsalawo anatembenukira ku disco, natenga oyimba atsopano kuphatikizapo Patrick Mwondela pa kiyibodi, ndipo anatulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Pamenepo Azambia anali atakonda kalindula, chamba chimene chinafikanso kwambiri kuno ku Malawi kudzera mwa oyimba monga PK Chishala ndi gulu la Amayenge. WITCH inatha mwakachetechete.

Chimene chinapha Zamrock kotheratu ndi Edzi. Mliriwu unakantha Zambia koopsa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, moti Kaunda mwini anauza dziko mu 1987 kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi matendawa. Oyimba, omwe moyo wawo unali wa m'mabala ndi wa pa ulendo, anapululuka. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Jagari anali yekhayo wamoyo mwa oyimba a WITCH ya zaka za m'ma 1970. Mabanja a ku Kawale, Biwi, Chilinde ndi Chipasula mu Lilongwe amene anaika achibale motsatizana m'zaka zomwezo akudziwa kulemera kwa mfundo imeneyi popanda kuwafotokozera. Pa nkhani ya nyimbo, kutayikako kunali kwa mitundu iwiri: anapita anthu, ndipo pamodzi nawo chinapita chidziwitso cha mmene nyimbozo ankaziyimbira, chifukwa palibe amene anazilemba pa pepala.

Zaka zotsatira Jagari anaphunzitsa, kenako anakhala Mkhristu wobadwanso mwatsopano, ndipo pofuna kudyetsa banja analowa ntchito yokumba miyala ya mtengo wapatali kutchire, ndi piki ndi fosholo. Munthu amene apolisi ankachita kubalalitsa anthu pa khomo la holo chifukwa cha iye anakhala zaka zambiri akusefa dothi, achinyamata omuzungulira osadziwa n'komwe kuti anayimbapo.

Kubwerera kwake kunayambira pa mbale zakale zija. Mbale ya galamafoni ikasungidwa posatentha imatha zaka makumi ambiri, ndipo zina mwa mbale za Zamrock zinafika m'manja mwa anthu osonkhanitsa nyimbo zosowa ku Ulaya ndi ku America. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yotsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inafufuza eni nyimbozo, inapangana nawo, ndipo mu 2012 inatulutsanso zimbale za WITCH za nthawi ya Jagari m'bokosi limodzi. Mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri zosonkhanitsa magulu osiyanasiyana pansi pa mutu woti Welcome to Zamrock! Mfundo ya mgwirizanoyi ndi yofunika kuisunga. Nyimbo zakale za mu Africa zakhala zikukopedwa ndi kugulitsidwa kunja eni ake osalandira kanthu, koma apa woyimbayo anafunsidwa, dzina lake linalembedwa, ndipo anthu ofuna kumuitana anadziwa kokamupeza.

Mmodzi mwa amene anamupeza ndi Gio Arlotta wa ku Italy, amene anajambula kanema wa mbiri ya gululi wotchedwa We Intend to Cause Havoc, yemwe anayamba kuonetsedwa mu 2019. Arlotta anabwera ndi oyimba awiri achinyamata a ku Netherlands, Jacco Gardner ndi Nic Mauskovic, omwe anali ataphunzira nyimbo za WITCH pomvera mbale. Patrick Mwondela, amene anali atakhazikika ku Britain, anabwereranso. Chodabwitsa n'chakuti iye ndi Jagari sanayimbirepo limodzi m'gululi kale, popeza wina analowa mnzake atatuluka. WITCH yatsopano inalumikiza nyengo ya rock ndi nyengo ya disco zimene kale zinali zosiyana. Mu 2017 anayenda ulendo woyimba ku Ulaya, ndipo pambuyo pake anafikanso ku America.

Magulu ambiri akale akabwerera amathera pomwepa: kuyimba nyimbo zomwe zija chaka ndi chaka kwa anthu ofuna kukumbukira unyamata wawo. Kujambula chimbale chatsopano n'kovuta kuposa apo. Mawu a munthu wa zaka 70 safika pamwamba pamene ankafika ali ndi zaka 25, mpweya umachepa, ndipo omvera amayerekeza nyimbo iliyonse yatsopano ndi zakale zimene anazikonda kale. Pa WITCH panali vuto linanso. Ambiri mwa ogwira zida anali Azungu obadwa gululo litatha kale, moti panali chiopsezo chakuti chimbalecho chikhala cha alendo otsanzira Zamrock, gogo wa ku Zambia atangoikidwa patsogolo ngati chikwangwani.

Njira imene anasankha inayankha nkhawa imeneyi. Mu 2021, maulendo oyimba ataima chifukwa cha Covid-19, gululo linasonkhana mu Lusaka ndi kukajambulira mu situdiyo ya DB yomwe ija ya Lazy Bones!!, kumene zina mwa zida zakale zinali zikadalipo. Gardner, amene ankayimba besi, ndiye anayang'anira kajambulidwe. Pa magitala panali Stefan Lilov ndi JJ Whitefield. Kujambulira kwawo kunapatsa mpata Azambia ena kulowamo: oyimba achizimayi Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, Keith Kabwe wa Amanaz, mmodzi mwa akuluakulu ochepa a Zamrock amene anali akadali moyo, ndi Sampa the Great, mtsikana wa rap amene anatchukira ku Australia. Chimbalecho chinatuluka kudzera ku kampani ya Desert Daze Sound ya ku America.

Nyimbo yoyamba, By the Time You Realize, imatsegula ndi gitala yolemera ya fuzz, ngati kutsimikizira womvera kuti gululi silinafewe. Waile ndi nyimbo imene inapekedwa m'zaka za m'ma 1970 koma sinajambulidwe nthawi imeneyo; inakhala m'mutu mwa Jagari zaka zoposa 40. Imayamba ndi ng'oma zamanja ndi kuyankhizana kwa mtsogoleri ndi gulu monga zimakhalira pa gule wa kumudzi, kenako magitala amalowa n'kuithamangitsa. Mwina ndiyo nyimbo yabwino koposa pa chimbalechi, chifukwa rock ndi ng'oma za makolo sizikumveka ngati zinthu ziwiri zomatidwa pamodzi. Unimvwesha Shuga imamveka ngati ya nyengo ya disco, yotsogozedwa ndi mawu a amayi, pamene Avalanche of Love ndi imene muli Sampa the Great. Chimbalecho chimatsekedwa ndi Message from WITCH, momwe Jagari amalankhula m'malo moyimba, kudzudzula chidani ndi tsankho.

Mawu a Jagari pa Zango ndi a munthu wamkulu, ndipo sanayese kubisa zimenezo. Akuya, akhakhala pang'ono, ndipo pamene kale ankakuwa tsopano nthawi zambiri amatsogolera n'kusiyira amayi aja kuti anyamule nyimbo. Zilankhulo za ku Zambia zikumveka kwambiri kuposa pa zimbale zake zoyamba. Sikuti nyimbo zonse khumi n'zofanana mphamvu. Zina zapakati zimayenda mosadabwitsa, ndipo ukali wosaphunzitsidwa wa Lazy Bones!! sungabwerezedwe ndi akatswiri odziwa bwino chimene akuchita. Komabe chimbalechi chimaima pachokha. Munthu amene sanamvepo dzina la WITCH angathe kuchikonda osadziwa mbiri yonse ili pamwambayi.

Zango chinatuluka pa nthawi imene Zamrock inali itayamba kumveka m'malo osayembekezeka. Mu 2022 Sampa the Great anatulutsa nyimbo ya Never Forget yolemekeza chambachi, ndipo pa chimbale chake As Above, So Below anayimba ndi Jagari. Mu Okutobala 2024 woyimba wa ku America Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo ya Noid, yomangidwa pa chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family yochokera pa chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Apa ndi pamene nkhaniyi inafika pa mafoni a achinyamata a mu Lilongwe. Pa msika wa Chipasula, monga m'misika ina ya m'makomboni, nyimbo zimayenda kudzera kwa anyamata okhala ndi kompyuta m'kashopu, amene amathira nyimbo mu memori khadi kapena mu fulashi pa mtengo wochepa, ndipo nyimbo za ku Zambia za Yo Maps ndi anzake zimafunidwa tsiku lililonse. Wachinyamata wozolowera zimenezo akamva Chinyanja chomveka bwino pakati pa nyimbo ya ku Los Angeles, amakhala akumva mawu a Paul Ngozi, munthu amene anamwalira iye asanabadwe, wa mumzinda umene basi yochokera ku Lilongwe kudzera ku Mchinji ndi Chipata imafikako tsiku lomwelo.

Funso loti n'chifukwa chiyani Malawi sanakhale ndi rock yakeyake yotere lili ndi mayankho omveka. Kunalibe migodi yolipira khamu la antchito a m'tauni, ndipo malonda a mbale anali ochepa kwambiri. Lamulo lounika zosangalatsa la 1968 linkayang'anitsitsa mawu a nyimbo, ndipo malamulo a kavalidwe a 1973 ndi oletsa amuna kusunga tsitsi lalitali sankapereka mpata kwa anyamata ooneka ngati a WITCH. Oyimba ambiri ankajambulira mu situdiyo ya MBC, wailesi yokhayo ya nthawiyo, ndipo nyimbo zinkatsala pa matepi a wailesiyo m'malo mofalikira pa mbale zimene munthu angagule n'kusunga. Magulu a magetsi monga Kalimba ndi Makasu analipo ndipo anali aluso, koma nyimbo imene ili pa tepi imodzi m'chipinda chimodzi singapezedwe mwangozi ndi munthu wa ku Los Angeles patapita zaka 30. Daniel Kachamba amadziwika kunja makamaka chifukwa Gerhard Kubik wa ku Vienna anamujambula ndi kusunga zojambulazo.

Chitsanzo cha kuno choyandikira nkhani ya Jagari ndi Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930. Iye anafika ku America mu 2016, ndipo mu 2020 Patience Namadingo anajambula naye nyimbo zake zakale mwatsopano. Nyimbo ya Linny Hoo inafalikira dziko lonse pa TikTok chaka chotsatira. Njira yake ndi yofanana: woyimba wachinyamata wodziwa zida zamakono amakhala pambali pa mkulu wonyamula nyimbo m'mutu. Kusiyana kwake kuli pa zimene zinatsatira. Kutchuka kwa pa intaneti kumabweretsa mphatso za anthu akufuna kwabwino ndi malipiro a bungwe loteteza umwini wa nyimbo la COSOMA, koma Jagari anapeza zinthu zokhalitsa: bandi yokhazikika, kampani yotulutsa zimbale ndi maulendo oyimba okonzedwa chaka ndi chaka, kumene kumachokera ndalama zambiri za woyimba masiku ano pamene malonda a zimbale anachepa.

Umboni woti Zango sichinali chongotsanzikira unabwera pa 13 Juni 2025, pamene WITCH inatulutsa chimbale china chatsopano chotchedwa Sogolo, chojambulidwa ku Berlin. Pa chimbalechi Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo ali ndi gawo lalikulu kuposa kale, akutsogolera nyimbo zingapo okha, ndipo gululo likuoneka kuti likukonzekera kupitirira ngakhale tsiku limene Jagari ndi Mwondela adzalephere kukwera nsanja. Kuwerengera pamodzi, pofika mu 2025 WITCH inali ndi zimbale zisanu ndi zinayi: zisanu za rock za m'ma 1970, ziwiri za disco, ndi ziwiri zojambulidwa woyimba wake ali ndi zidzukulu.